Buleki Yopulumutsa Mafuta: Malangizo kwa Eni ndi Oyendetsa Galimoto za Hybrid ku Mchinji

Kabukuka n'ka yani?

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zikuyenda pakati pa Lilongwe, Kamwendo, Mchinji boma ndi chipata cha Mwami n'zogwirapo kale ntchito ku Japan. Zina mwa izo ndi za hybrid: Toyota Aqua, Prius, Honda Fit, Corolla Axio ndi Fielder zina, Sienta zina, komanso Nissan Note e-Power. Anthu amazigula atamva kuti "sizimwa mafuta". Kumwa zimamwa ndithu, koma pang'ono, ndipo kuchepako kumadalira zinthu ziwiri: phazi la woyendetsa, ndi thanzi la batire lalikulu lobisika kumbuyo kwa galimoto.

Mu November 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mtengo sunaime pomwepo. Onjezanipo masiku ogona pamzere. Banja limene lili ndi galimoto yotere, kaya ndi yoyendera kapena ya takisi yodyetsa ana, liyenera kudziwa m'mene imagwirira ntchito. Ngati mwalemba dalaivala, werengani naye limodzi, chifukwa phazi ndi lake koma ndalama ndi zanu.

Chimachitika n'chiyani mukaponda buleki?

Kuti galimoto ifike pa liwiro la makilomita 80 pa ola, mwawotcha petulo. Mphamvu ya petuloyo tsopano ili m'liwiro la galimoto. Pa galimoto wamba, mukaponda buleki, mapadi amafinya chitsulo chozungulira kuseri kwa tayala, ndipo mphamvu yonse ija imasanduka kutentha n'kupita ndi mphepo. Aqua yonyamula anthu awiri imalemera pafupifupi makilogalamu 1,200. Kuiimitsa kuchoka pa 80 kumataya mphamvu yokwana kuwiritsa madzi pafupifupi lita imodzi. Werengani kuti mumaima kangati kuchoka ku boma kukafika ku Lilongwe.

Galimoto ya hybrid ili ndi mota ya magetsi yothandizana ndi injini. Mukachotsa phazi pa akisileta kapena kuponda buleki mofatsa, mota ija imatembenuka ntchito: matayala ndiwo amaizunguza, iyo n'kumapanga magetsi opita m'batire lalikulu. Amene anapalasapo njinga ya dayinamo akudziwa kuti dayinamo ikakhudza tayala, nyali imayaka koma njinga imalemera. Kulemera komweko ndiko kumachepetsa liwiro la hybrid. Ponyamukanso, mota imagwiritsa ntchito magetsi aja kukankha galimoto, injini n'kupuma kapena kugwira ntchito yochepa.

Njirayi inayamba kalekale pa sitima zoyendera magetsi. Pa galimoto za anthu wamba inafala ndi Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu December 1997. Aqua inatuluka mu December 2011.

Pali malire atatu ofunika kuwadziwa, chifukwa malangizo onse a m'kabukuka achokera pamenepa:

- Mota ndi batire zili ndi mlingo wa magetsi amene zingalandire pa kanthawi. Mukaponda buleki mwamphamvu, zotsalazo amazitenga ndi mapadi, n'kuzitaya ngati pa galimoto wamba.
- Batirelo ndi laling'ono kusiyana ndi m'mene ambiri amaganizira. La Aqua silifika ngakhale yuniti imodzi ya magetsi a ESCOM, ndipo kompyuta ya galimoto sililola kudzaziratu kapena kutheratu.
- Mphamvu yobwerera ndi gawo chabe la imene munawononga. Buleki imene simunaiponde n'komwe, chifukwa munachotsa phazi pa akisileta msanga, imapulumutsa mafuta kuposa buleki yotchaja bwino.

Galimoto yanu ili m'gulu liti?

*Hybrid yeniyeni.* Ikayaka imalemba READY pa dashibodi, nthawi zina injini ili chete. Mu boneti muli mawaya okhuthala a mtundu wa olenji.

*Yotchaja pang'ono.* Galimoto zambiri za ku Japan zimene si hybrid zili ndi alternator yochenjera. Imatchaja kwambiri pamene mwachotsa phazi pa akisileta, n'kupepuka pamene mukuponda moto, kuti isalemetse injini. Suzuki inaika kabatire kena pansi pa mpando wa kutsogolo pa Wagon R ya 2012, n'kutcha njirayo ene-CHARGE. Mazda inatulutsa yake chaka chomwecho, yotchedwa i-ELOOP. Zambiri mwa galimotozi zimazimanso injini zokha mukaima.

*Galimoto wamba.* Ilibe zonsezi, ndipo palibe kachipangizo kogula pamsika kamene kangaisandutse hybrid. Wina akakuuzani kuti akumangirirani alternator pa tayala kuti muzitchaja ulere, sungani ndalama zanu. Komabe gawo lonena za kuika giya pa "free" likukukhudzani.

Kayendetsedwe kake

1. Yang'anani patali. Pa M12 mukudziwa kale pamene pali msika, mahampu ndi rodibuloko. Mukangoona chikwangwani cha Waliranji kapena Kamwendo, chotsani phazi pa akisileta, musadikire kufika pa anthu.
2. Pondani buleki msanga, mofatsa, n'kusiya phazi pamlingo womwewo mpaka liwiro litatsika. Buleki yaitali yofatsa imatchaja kuposa yaifupi yamphamvu.
3. Phunzirani chizindikiro cha pa dashibodi muli pamsewu wopanda anthu. Pa Toyota pali mbali zolembedwa CHG, ECO ndi PWR. Poponda buleki, mzere umalowa ku CHG. Ukafika kumapeto, mota yafika pamlingo wake, ndipo chilichonse chimene mungawonjezere chikupita ku mapadi. Patapita masiku phazi limazolowera, simufunikanso kuyang'ana.
4. Siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Kumamatira kumbuyo kwa minibasi imene ikuima paliponse pamene yaona munthu ndiko kumatha mafuta.
5. Ponyamuka, pondani moto mwapakatikati mpaka mutafika pa liwiro lomwe mukufuna, kenaka pepukitsani phazi. Musakakamize galimoto kukwawa pa magetsi okha poganiza kuti mukupulumutsa. Batire likatsika, injini idzawotcha petulo kulibwezera.
6. Chepetsani liwiro pamtunda wautali. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsa galimoto imawirikiza kanayi, ndipo mphepo yokankhana nayo imakulanso chimodzimodzi. Mafuta opita ku mphepo palibe batire lingawabweze.
7. Pimani mpweya wa m'matayala m'mawa asanatenthe. Mlingo wake walembedwa pa kapepala komata pachitseko cha dalaivala.

Mwana, mbuzi, wakabaza kapena ngolo zikalowa mumsewu mwadzidzidzi, iwalani zonse za CHG. Pondani buleki ndi mphamvu zanu zonse.

Mudzaona kuti pa mabampu kapena pa msewu wa miyala, nthawi zina buleki imakhala ngati yamasuka kwa kamphindi. Matayala akaterereka, kompyuta imasiya kutchaja n'kupereka ntchito yonse ku mapadi. Musachotse phazi, onjezani kuponda. Galimoto ikatsala pang'ono kuima, pa liwiro longa la munthu wothamanga pang'ono, mapadi ndiwonso amamaliza ntchito.

Za kuika pa "free"

Chizolowezi ichi, chotsetsereka giya ili pa N, chinazika mizu pakati pa madalaivala athu, ndipo ambiri anachiphunzira kwa akuluakulu amene ankayendetsa galimoto za kabyuleta. Pa galimoto za masiku ano chimawonongetsa mafuta omwe mukufuna kupulumutsawo.

Pa Aqua ndi Prius, giya ikakhala pa N mota siipanga magetsi. Mukatsetsereka pa N, mphamvu yonse ya mtsetsewo imathera m'mapadi, batire osalandira kanthu. Ngakhale injini italira, pa N silitchaja. Mukakhalitsa pa N ndi AC yoyaka, batire limatsika mpaka galimoto kuyamba kukuchenjezani. Poyenda khalani pa D. Mukaima nthawi yaitali, ikani pa P.

Pa galimoto wamba ya petulo yoyendera kompyuta, mukachotsa phazi pa akisileta giya ili yolowa, kompyuta imatseka mafuta kotheratu, matayala n'kumazunguza injini okha. Pa "free" injini imafunika petulo kuti isazime. Ndipo alternator yochenjera ija imatchaja kwambiri pa nthawi yomweyi, pamene giya ili yolowa ndipo phazi lachoka.

Ena amafika pozimitsa injini pamtsetse. Apa ndiye kusewera ndi moyo wa anthu amene mwanyamula: buleki imauma mukaiponda kawiri katatu, ndipo chiwongolero chimalemera.

Giya ya B

Ambiri amamva kuti B ndi giya ya batire, n'kumayenda nayo tsiku lonse. Pa Toyota, B imachititsa kuti injini ithandize kugwira galimoto pamtsetse wautali, kuti mapadi asapse. Mbali ina ya mphamvu imene ikanalowa m'batire imatayika pozunguza injiniyo, choncho pamsewu wosalala B imakudyerani mafuta.

Msewu wochoka ku Lilongwe kudzafika kuno ulibe mitsetse yofuna B. Isungireni malo monga Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, Chiweta, phiri lotsikira ku Chikwawa, kapena mapiri a ku Luangwa mukamapita ku Lusaka. Kumeneko batire limadzaza musanafike pakati pa phiri, ndipo likadzaza mota singagwirenso galimoto. Ikani B musanayambe kutsika. Injini ikayamba kulira mokweza musaope, ikungozungulira, sikumwa petulo. Mukafika pansi bwererani pa D.

Nissan Note e-Power ndi yosiyana. Injini yake siizunguza matayala, imangopanga magetsi. Pa makonzedwe ena, kungochotsa phazi pa akisileta kumachepetsa liwiro kwambiri. Yeserani pamalo opanda anthu musanalowe nayo pa msika.

Phindu limaoneka pati?

Hybrid imapambana pamene pali kuima ndi kunyamuka kambirimbiri: m'tauni ya Lilongwe, mu Chipata, kapena pa takisi yotsitsa ndi kukweza anthu pakati pa boma ndi Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Pa ulendo wa makilomita pafupifupi 110 wa ku Lilongwe, mukathamanga osaima, kutchaja kwa buleki kumathandiza pang'ono chabe. Imamwabe mochepa chifukwa injini yake ndi yosawononga, koma mukaithamangitsa pa 120 musadabwe kuona kuti yasiyana pang'ono ndi Vitz.

Mabuku a ku Japan ankati Aqua yoyamba imayenda makilomita 35.4 pa lita. Chiwerengerochi chinapezeka poyesa galimoto yatsopano pa makina, popanda katundu, popanda AC. Musakangane ndi dalaivala wanu chifukwa cha nambala imeneyi.

Kulongeza anthu asanu ndi awiri ndi matumba a soya m'galimoto ya anthu asanu kumafuna mafuta ambiri ponyamuka, ndipo poima mota imalephera kugwira yokha, mapadi n'kumatha msanga.

Fumbi ndi kutentha

Apa ndi pamene ma hybrid ambiri a kuno amafera. Batire lalikulu limatentha likamalandira ndi kupereka magetsi. Limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa timabowo. Pa Aqua timabowoto tili m'munsi mwa mpando wa kumbuyo, pafupi ndi mapazi a okwera. Pa Prius tili m'mbali mwa mpando wa kumbuyo. Pitani mukatione lero.

Ku Japan misewu ndi ya phula. Kuno mukangochoka pa tala kulowera kumidzi m'miyezi ya August mpaka October, mawindo otsegula, fumbi lonse limalowa, ndipo kafani kamalikoka. Onjezanipo makoko a mtedza, ulusi wa masaka, nthenga za nkhuku ndi tsitsi. Amakaniko akatsegula kafani kotere amapeza mapiko ake atamatidwa ndi zinthu zonga thonje lofiira. Batire likatentha, kompyuta imachepetsa magetsi olowa ndi otuluka pofuna kuliteteza. Galimoto imayamba kumwa kwambiri, injini siizimanso pa mahampu, ndipo kafani kamamveka kulira kumbuyo. Mukanyalanyaza, batire limakalamba msanga, ndipo kusintha kwake ndi ndalama zoti banja likhale pansi.

Chitani izi:

1. Musatseke timabowo ndi thumba, chikwama, chitenje kapena nsalu zokutira mipando. Osoka zokutira mipando auzeni asiye malowo poyera.
2. Pukutani timabowo sabata iliyonse. Ngati pali kasefa, kachotseni galimoto ili yozima, kakuntheni n'kukabwezera kali kouma.
3. Kamodzi pa chaka, makamaka dzinja lisanayambe, pititsani galimoto kwa makaniko wodziwa hybrid akatsuke kafani. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu ya fumbi monga ya kumidzi ya ku Mkanda kapena Kapiri, chitani kawiri.
4. Pa msewu wa fumbi tsekani mawindo, muyatse AC pa makonzedwe ozunguza mpweya wa m'kati. AC imadya magetsi, n'zoona, koma m'mwezi wa October mpweya wozizira umene mukupumawo ndi womwenso ukuziziritsa batire.
5. Imikani pamthunzi. Galimoto ikakhala padzuwa, tsegulani zitseko kaye mpweya wotentha utuluke musananyamuke.
6. Mtedza, chimanga ndi fetereza ziikeni m'buti zitamangidwa bwino, osati pampando.

Madzi nawo ndi mdani. Anyamata otsuka galimoto asathire madzi a paipi kapena a ndowa m'kati, makamaka pansi pa mpando wa kumbuyo. Musanyamule chigubu cha madzi chosatseka bwino pampando umenewo. M'dzinja, madzi a pa dambo kapena pa kamlatho akafika m'munsi mwa zitseko, bwererani kapena dikirani aphwe.

Makoswe amakonda malo ofunda a pafupi ndi batire, ndipo amatafuna mawaya. Musaimike galimoto pafupi ndi nkhokwe, ndipo sesani njere zotayikira m'kati tsiku lomwelo.

Mafuta akasowa

Hybrid si galimoto ya magetsi. Pa batire lokha Aqua kapena Prius imayenda kilomita imodzi kapena awiri basi, pa liwiro lochepa. Petulo akatha, imani pambali n'kuzimitsa. Mukaikakamiza kuti ikafike ku filing'i siteshoni pa magetsi, batire lalikulu likhoza kutsika kwambiri mpaka kulephera kuliza injini, chifukwa pa galimotozi ndi batire lomwelo limene limaliza injini. Kulidzutsa kumafuna makina apadera amene magalaja ambiri alibe.

Mukathira mafuta atatheratu, malita awiri nthawi zina sakwana. Thirani okwanira kuti nyali ya mafuta izime. Thanki ya Aqua imalowa malita 36. Zolowerani kufunafuna mafuta ikafika pa kota.

Muli pamzere:

- Ikani pa P, osati pa N. Ngati mzere sukuyenda, zimitsani.
- Musamvere wailesi kapena kutchaja mafoni galimoto isanalembe READY. Mukatero mukutha batire laling'ono.
- Honda Fit Hybrid yoyambira mu 2013 ili ndi makilatchi amene amatentha mukamakwawa pang'onopang'ono nthawi yaitali, makamaka pokwera. Dikirani mpata ukule, musunthe kamodzi.

Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini. Kusunga petulo m'nyumba momwe muli mbaula ndi ana n'kuitana moto.

Batire laling'ono

Hybrid ili ndi mabatire awiri. Laling'ono, la mavolti 12, ndi limene limadzutsa makompyuta. Likafa, galimoto siilemba READY ngakhale lalikulu lili lodzaza. Ambiri amathamangira kuganiza kuti lalikulu lafa pamene vuto ndi laling'onoli. Yambani mwapimitsa ili.

- Pa Aqua lili pansi pa mpando wa kumbuyo, pa Prius zambiri lili m'buti. Popeza lili m'kati momwe mumakhala anthu, limafuna mtundu wotseka wokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja. Werengani nambala ya lakale, monga S34B20R pa Aqua, mugule lofanana nalo.
- Galimoto zozima zokha mukaima zimafuna mabatire olembedwa monga M-42, N-55, Q-85 kapena S-95. Batire wamba limalowa, limaliza galimoto, koma silikhalitsa chifukwa silinapangidwire kutchajidwa mwamphamvu pafupipafupi.
- Hybrid siilira pokankha. Musavutitse anthu.
- Mukhoza kuijampa kuchokera ku galimoto ina. Onetsetsani kawiri kuti waya wofiira wapita pa + ndipo wakuda pa chitsulo cha galimoto. Kusemphanitsa mawaya kumawotcha zipangizo zodula. Prius ili ndi polumikizira pake m'bokosi la mafyuzi mu boneti, ma Aqua ena alibe.
- Musagwiritse ntchito hybrid yanu kujampa galimoto wamba, minibasi kapena thirakitala. Kukana n'kovuta kwa mnansi, koma batire lake ndi zipangizo zake sizinapangidwire ntchito imeneyo.
- Galimoto ikamakhala osayenda, iyatseni ifike pa READY, giya pa P, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo sabata iliyonse. Chitani izi panja, osati m'galaja yotseka, chifukwa injini imadzilira yokha ndipo utsi wake umapha.

Mabuleki, madzi ndi oilo

Popeza mota ndi imene imagwira ntchito yambiri, mapadi a hybrid amakhalitsa. Vuto lake n'lakuti zitsulo zake zimachita dzimbiri ndi kumatirira, makamaka m'dzinja. Pa sevisi iliyonse auzeni achotse matayala, aone ndi kupaka girizi pa timapini. Kulira kwa kapampu kwa masekondi ochepa mukatsegula chitseko kapena kuponda buleki si vuto. Kakayamba kulira pafupipafupi osapuma, kapena nyali za buleki ndi ABS zikayaka, musanyamule anthu mpaka ataiona.

Mu boneti ya Aqua ndi Prius muli timatanki tiwiri ta madzi oziziritsa: ka injini, ndi ka bokosi loyendetsa magetsi a mota. Tonse timafuna madzi apinki opangidwira ntchitoyo. Madzi a pa mjigo amasiya dzimbiri ndi mchere m'timapaipi. Oilo wa injini akhale wopepuka monga buku lake linenera, pa Aqua ndi 0W-20. Oilo wokhuthala wa 20W-50 amalemetsa injini imene imazima ndi kuyaka kambirimbiri pa tsiku. Powonjezera gasi wa AC, nenani kuti galimotoyo ndi hybrid, chifukwa pampu yake ndi ya magetsi ndipo oilo wa AC wamba amaiwononga.

Machenjezo

- Mawaya a olenji musawakhudze, musawadule, musawasende. Batire la Aqua yoyamba ndi la mavolti 144, la Prius ya 2003 mpaka 2015 ndi loposa pang'ono 200, ndipo magetsi opita ku mota amakwezedwa kuposa pamenepo. Amapha.
- Makaniko amene akufuna kutsegula batire lalikulu ndi manja opanda magolovesi a magetsi, mulandeni makiyi mwaulemu.
- Galimoto ikakhala chete sindiye kuti yazima. Musanatuluke, musanatsegule boneti kapena kulowa pansi pake, onani kuti READY yazima.
- Pa liwiro lochepa siimveka. Pa msika, pa sukulu, pa chipatala ndi pakhomo pobwerera m'mbuyo, anthu ndi ziweto sakumvani. Onani kumene kuli ana musanasunthe.
- Musaikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala a kutsogolo ali pansi, chifukwa mota imazungulira n'kumapanga magetsi opanda kopita. Ikwezeni pa lole.
- Pa ngozi, zimitsani galimoto, tulutsani anthu, ndipo uzani othandiza kuti ndi hybrid asanayambe kudula zitsulo.
- Zidutswa za batire lakale musazitengere kunyumba kuti muziyatsira mababu kapena kuseweretsa ana. Muli mankhwala owotcha khungu ndi maso. Zisiyeni kwa amene akusinthirani.

Zizindikiro zoti batire lalikulu latopa

Timizere ta batire pa dashibodi timadzaza msanga n'kutsikanso msanga pa mtunda waufupi. Injini imalira nthawi zonse. Galimoto imafooka pokwera. Pomaliza pamabwera nyali ya chenjezo ndi uthenga, nthawi zambiri wa m'Chijapani. Ujambuleni ndi foni, muutanthauzire pa intaneti kapena mukaonetse makaniko. Pa makina opimira, nambala ya P0A80 imatanthauza kuti batire lafika posintha. Kuchotsa waya wa batire laling'ono kumazimitsa nyaliyo kwa masiku ochepa, koma matenda amakhala ali pompo.

Batire la Aqua yoyamba lili ndi zidutswa 20, la Prius ija 28. Amakaniko ena amasintha chidutswa chofooka chokha. N'zotsika mtengo ndipo zimakuyendetsani kwa kanthawi, koma zotsalazo n'zamsinkhu umodzi ndi chakufacho, ndiye posakhalitsa china chimatsatira. Kwa galimoto ya bizinesi yoyenda tsiku ndi tsiku, kusintha lonse n'kwanzeru. Kaya mukugula ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Lusaka, funsani ngati ndi latsopano, lochotsedwa m'galimoto ina kapena lolumikiza zidutswa, ndipo chitsimikizo cha miyezi chilembedwe pa lisiti. Kafani katsukidwe tsiku lomwelo, apo ayi latsopanolo lidzapsanso.

Musanagule

1. Pitani ndi makaniko wanu amene ali ndi makina opimira, osati wa wogulitsa.
2. Yatsani galimoto, muone kuti nyali zonse za chenjezo zikuyaka kenaka n'kuzima.
3. Yendani nayo mphindi zosachepera 20, pokwera ndi potsika, mukuyang'ana timizere ta batire ndi mzere wa CHG.
4. Suzumirani timabowo ta mpweya. Fumbi lake likuuzani m'mene mwini wake amaisamalira.
5. Musadalire makilomita a pa dashibodi okha, amatha kubwezedwa. Zaka nazo zimakalambitsa batire: Aqua ya 2012 ikhoza kukhala ndi batire lomwe inatuluka nalo ku fakitale.
6. Funsiranitu mtengo wa batire lalikulu, muuwerengere pa mtengo wa galimoto.

Yezani nokha

Nambala ya makilomita pa lita imene imaoneka pa dashibodi imakonda kukometsa pang'ono. Njira yodalirika ndi iyi. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, mulembe makilomita. Yendani monga mwa masiku onse. Podzazanso, lembani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda, kenaka gawani makilomita ndi malita. Mwachitsanzo, makilomita 360 pa malita 18 ndiye kuti 20 pa lita. Pa nthawi imene mafuta akugulitsidwa mopimira ndipo simungadzaze, lembani malita onse ndi makilomita onse a mwezi wathunthu, mugawe pakutha pa mwezi.

Sungani kakope m'galimoto, ndipo aliyense woyendetsa azilembamo tsiku, makilomita, malita ndi njira imene anayenda. Nambala ikatsika kwa miyezi iwiri yotsatizana njira zili zomwezo, pimani mpweya wa m'matayala, onani ngati mapadi sakumatirira, tsukitsani kafani ndi sefa ya mpweya ya injini. Zonsezi zikakhala bwino, pimitsani batire lalikulu.